Profe Coaquira Atchulidwa Kasanu n'Kawiri

Kalata yochokera ku Lima inafika pa yunivesite ya ku Chijipampa mwezi wa Juni, nthawi ija chisanu chimaumitsa madzi m'mipopi mpaka dzuwa litakwera. Inali ya masamba khumi ndi anayi, koma mfundo yake inali imodzi: mphunzitsi aliyense wodzitcha wofufuza ayezedwe. Muyezo wake unali wakuti, kodi akatswiri ena atchula zolemba zake kangati m'magazini a kafukufuku amene ali pa mndandanda wovomerezeka wa dziko lonse lapansi? Wotchulidwa kosafika makumi awiri, amenenso alibe nkhani ngakhale imodzi m'magazini a pamndandandawo pofika mwezi wa Novembala, alandidwe maola ake a kafukufuku pamodzi ndi chipinda chake, abwerere ku choko.

Ntchito yowerengayo inagwera Nélida Calisaya wa ku laibulale, chifukwa ndiye ankadziwako Chingerezi, komanso sankanjenjemera pamaso pa kompyuta ngati anzake. Sabata yoyamba inayenda bwino. Ankalemba dzina, makina n'kutulutsa nambala, iye n'kupita ku dzina lotsatira. Aphunzitsi a za matenda a ziweto anali ndi mazana. Wina wa za migodi, amene anabwera chaka chathachi, anali kale ndi makumi asanu ndi anayi.

Dzina la a Eleuterio Coaquira Ticona analisiya kumapeto dala, monga mmene munthu amazengerezera kupita kokazulitsa dzino.

A Coaquira, amene tauni yonse inkangowatchula kuti Profe, ndiwo anaphunzitsa Nélida jogalafe ya zachuma zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Kwa iwo phunziroli silinali la m'kalasi. Loweruka ndi Lamlungu ankakweza ophunzira awo pamwamba pa malole, pakati pa matumba a chuño, mbatata zoumitsidwa pa chisanu, ndi mitolo ya ubweya wa alpaka, kupita nawo m'misika ya kumidzi imene imakumana kamodzi pa mlungu. Kumeneko aliyense ankapatsidwa kope ndi funso limodzi lofunsa amalonda: thumba ili lachokera kuti, nanga lero likagona kuti? Zaka makumi atatu ndi chimodzi za mafunso amenewo zinabala mapu osawerengeka, ndi buku limodzi lachikuto chobiriwira. Analisindikiza mabuku mazana atatu okha, koma anthu analijambulajambula pa fotokope mpaka zilembo zina zinafufutika. Linali ku khonsolo, linali kwa ansembe, linali ku bungwe la eni malole.

Nélida atalemba dzina lawo, makina anatulutsa nambala 3.

Anayesa kuti walakwitsa kalembedwe. Analembanso. Anayesa Ticona E. C., poti akunja amaganiza kuti dzina lomaliza ndilo la bambo, osadziwa kuti ndi la mayi. Pamenepo anapezapo kawiri. Anayesa Coaquirra, Coakira, Cuaquira, n'kupezanso kawiri. Masiku atatu athunthu anapalasa ngati nkhuku padzala. Zonse pamodzi zinakwana kasanu n'kawiri.

Nélida anakwera masitepe a nyumba yakale ya yunivesite. Profe anali m'chipinda chawo, atavala chipewa chaubweya ndi magolovesi oduka nsonga za zala, akumata mapu ong'ambika.

"Licenciada!" anatero atamuona, akumuitana ndi dzina laulemu la munthu wa digiri. "Wabwera kudzandiyeza ngati nkhosa ya pamsika? Tandiuza, ndikulemera makilo angati?"

"Musandiseke, Profe."

"Ndakufunsa. Angati?"

"Kasanu n'kawiri."

"Pa chaka?"

"Pa zonse."

Profe anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango wa m'khosi, ngakhale anali oyera kale.

"Ndani asanu ndi awiriwo? Ndiwalembere makalata othokoza."

"Awiri ndi a ku Bolivia. Mmodzi ndi wa ku Japan, koma ndikukayika. Ndikuona ngati ankanena za Coaquira wina, wa za nsomba."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa Profe kunathera m'chifuwa.

"Nanga ophunzira onse aja analemba ntchito zawo zomalizira sukulu potsamira buku langa? Iwenso uli m'gulu lomwelo."

"Sawerengedwa, Profe. Magazini yathu ya pano siili pamndandanda. Ya ku Cusco imene mumalembamo ija palibenso. Mabuku sawerengedwa."

"Ndiye chimawerengedwa n'chiyani, mwana wanga?"

Nélida anayang'ana pansi. "Makamaka cholembedwa m'Chingerezi."

Sanaleke kufufuza. Tsiku lina masana, m'malo molemba dzina, analemba mawu akuti misika ya mlungu ndi mlungu ya kumapiri, m'Chingerezi. Pamwamba penipeni panatuluka nkhani ya katswiri wina wa ku England dzina lake Aldersey, yolembedwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapitazo. Inali itatchulidwa koposa ka mazana asanu ndi anayi. Anafika pa tsamba lachisanu ndi chimodzi. Panali mapu. Mivi yonse ya malole inali momwemo, kuchokera ku Ilave, ku Juliaca, kumalire a Desaguadero. Ngakhale muvi uja wokhota pafupi ndi mtsinje unalipo, umene Profe anaukhotetsa pozemba dontho la inki. Nélida ankawadziwa mapuwo ngati chikhatho chake, poti ena mwa malolewo anawerenga ndi iyeyo, ali mtsikana, zala zitachita dzanzi ndi mphepo. Pansi pa mapu panalibe dzina lililonse. Kumapeto kwa nkhaniyo, m'zilembo zing'onozing'ono, panali mawu akuti: tikuthokoza Don Eleuterio, amene anatiperekeza m'misika.

Anasindikiza tsambalo n'kuthamangira nalo kwa Profe.

"Aa, gringo uja, mzungu wamtali uja!" anatero Profe, nkhope ikuwala. "Munthu wabwino. Anasanza ulendo wonse wa ku Ilave, mpweya wathu wa kuno utamukana. Malemu mkazi wanga anamuphikira msuzi wa chairo masiku anayi kuti abwerere mwakale."

"Profe, mapuwa ndi anu."

"Ndinamupatsa ndekha. Anali mlendo, anapempha mwaulemu. Ukanakhala iwe ukanamumana?"

"Koma sanakutchuleni! Wakulembani ngati munthu womunyamulira chikwama."

"Chikwamacho ndinanyamuladi," anatero Profe. "Akanatha yekha?"

Nélida analemba makalata awiri tsiku lomwelo. Yoyamba inapita kwa Aldersey, ndipo yankho linachokera kwa mlembi wa pa yunivesite yake: pepani, anatisiya zaka zinayi zapitazo. Yachiwiri inapita kwa akonzi a magazini. Iwo anayankha mwaulemu kwambiri kuti akumvetsa, koma nkhani yosindikizidwa kale imakonzedwa pokhapokha mwini wake atapempha.

Ndiye anapita kwa Doctor Barreda, mkulu woyang'anira kafukufuku pa yunivesite yonse. Ofesi yawo ndi yokhayo inali ndi chotenthetsera. Anamumvetsera mpaka kumapeto, osamudula, kenaka anapumira m'mwamba.

"Licenciada, ukuganiza kuti kalata ija ndinalemba ndine? Chingwe chomwecho chili m'khosi mwanga. Yunivesite ikalephera muyezo atilanda chiphaso. Ophunzira zikwi zisanu apite kuti? Inenso Profe anandikwezapo palole, usaganize kuti ndaiwala."

"Ndiye titani, Doctor?"

A Barreda anadzuka n'kutseka chitseko bwinobwino.

"A za migodi ali ndi nkhani imene yalandiridwa kale, ituluka mwezi wa mawa. Ili ndi mayina asanu. Tikawonjezapo la Profe, lachisanu ndi chimodzi, palibe amene angalione. Ndalankhula nawo, sakukana. Kawauze Profe."

Profe atamva zimenezo anamuyang'ana Nélida nthawi yaitali, mpaka iye analakalaka pansi patatseguka.

"Za madzi a m'migodi ine ndikudziwapo chiyani? Ndiye kuti poti wina anadya thukuta langa, inenso ndikadye la mnzanga? Kamuuze Barreda kuti zikomo." Kenaka anafunsa ndi mawu otsika, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi amene sagwirizana naye: "Koma ndikalemba yanga, ungandimasulire?"

Analemba masamba makumi atatu m'masabata awiri, ndi dzanja, monga mwa nthawi zonse. Anaikamo mtima wa ntchito yawo yonse: mmene misika ing'onoing'ono makumi anayi imadyetsera matauni atatu popanda ofesi iliyonse yoilamula, mmene tchizi chimatsikira kuchigwa chimanga n'kukwera kumapiri pa lole yomweyo. Nélida anamasulira nthawi ya nkhomaliro kwa masabata atatu, dikishonale pambali, buledi m'dzanja. Mawu ena analibiretu m'Chingerezi. Anakangana tsiku lonse pa mawu amodzi, akuti casera, otchulira mayi amene umagula kwa iye mlungu uliwonse, amene amakuwonjezera kadzanja ka nyemba chifukwa choti ndiwe wake.

"Lemba kuti wogulitsa basi," Profe anagonja pomaliza. "Azungu alibe casera, ndiye mawu awatenga kuti?"

Anatumiza kumapeto kwa Ogasiti. Yankho linabwera patapita masiku khumi ndi limodzi okha. Nélida analiwerenga yekha kaye kawiri, n'kukhala pampando wake theka la ola osadzuka. Anaganiza zonama kuti silinafike. Koma Profe anali atayamba kudutsa pa laibulale m'mawa uliwonse, n'kusuzumira pakhomo, ndipo tsiku limenelo anangoona nkhope yake n'kulowa.

"Werenga."

"Akuti sangaisindikize. Akuti nkhaniyi ndi yofunika kwa anthu a dera lino lokha."

"Chabwino. N'zoona. China?"

"Basi, zinazo ndi zing'onozing'ono."

"Nélida, pepalalo ndikuliona, lili ndi ndime zitatu. Werenga zonse."

"Akuti mapu achiwiri a m'nkhaniyi ndi odziwika bwino, ndi a Aldersey, ndipo mlembi wawatenga osatchula mwini wake. Akuti limeneli ndi vuto lalikulu. Akuti mlembi ayambe wawerenga Aldersey kuti amvetse mmene misika ya kuno imayendera."

Profe anafufuza mpando ndi dzanja, ngati munthu wosaona, n'kukhala pansi.

"Ndiye akuti ndaba?"

"Sanalembe mawu amenewo."

"Koma ndi zomwezo."

Madzulo a tsikulo Profe anatulutsa mapu enieniwo m'dirowa, pepala lachikasu lokhala ndi deti la zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, ndi dontho la inki lija pafupi ndi mtsinje. Nélida anawajambula chithunzi n'kutumiza ndi kalata yofotokoza zonse. Yankho linabwera mphindi yomweyo, lolembedwa ndi makina: chiganizo cha akonzi ndi chomaliza, ndipo adiresi iyi siilandira makalata.

Nkhani m'tauni yaing'ono siigona panjira. Chapakati pa Okutobala, Lolemba m'mawa, mu laibulale munalowa Doña Fermina Cutipa, mtsogoleri wa amayi a pamsika wa Lamlungu, atavala siketi zawo zisanu ndi chipewa chozungulira pamwamba pa mutu. Mlonda anafuna kuwaletsa chifukwa cha mtolo umene anabereka kumsana, koma anangomuyang'ana kamodzi, iye n'kupatuka. Anamasula nsaluyo pa tebulo la Nélida. Munali mapepala mulu, odzaza ndi masiginecha ndi zidindo za zala zabuluu.

"Tamva kuti mukufuna anthu owatchula Profe," anatero. "Ndi awa. Mazana asanu ndi limodzi, kudza khumi ndi awiri. Ena anali kumunda. Werenga."

"Doña Fermina, khalani pansi kaye."

"Sindinabwere kudzakhala. Chaka chija khonsolo inafuna kutithamangitsira kuchigwa kopanda madzi, kopanda msewu, ndani anaima mu holo muja ndi mapu? Ndani anawaonetsa kuti malole a midzi makumi anayi sangafike kumeneko? Meya anasowa chonena, thukuta kamukamu m'nyengo yachisanu. Lero msika uli pomwepo. Ana athu aphunzira ndi msika umenewo. Lemba zimenezo."

"Sakuwerenga choncho, mamita. Akufuna kutchulidwa ndi akatswiri, m'magazini."

"Ife si anthu?"

"Ndinu anthu."

"Nanga dzina likatuluka m'kamwa mwa gringo limalemera kuposa likatuluka m'kamwa mwanga?" Anamuyang'anitsitsa. "Iwe si mwana wa malemu Basilia wogulitsa ubweya uja? Unakulira pansi pa tebulo la amako pamsika womwewo, mamina ali mbwe. Lero uli ndi kompyuta. Ndiye kompyutayo imalamula iweyo kapena iwe ndiye umailamula?"

Ophunzira amene ankawerenga chapafupi anaweramitsa mitu, ena akubisa kuseka. Nélida anatembenuza kompyutayo kuti Doña Fermina aone okha. Pa fomu ya Profe panali malo a nambala, amene makina a ku Lima ankadzaza okha, osatheka kuwakhudza. Pansi pake panali kabokosi kolembedwa kuti Zina, kolola zilembo mazana awiri basi. Malo oikapo pepala lililonse panalibe.

"Lemba m'menemo," anatero mayiwo.

Analemba. Analemba za msika, za midzi makumi anayi, za amayi mazana asanu ndi limodzi. Kabokosiko kanadzaza pakati pa mawu akuti "anapulumutsa", ndipo zilembo zotsalazo zinakana kulowa. Anafufuta, anafupikitsa, anachotsa midzi, anachotsa chaka. Doña Fermina anaima pomwepo akuona mmene nkhani yawo ikucheperachepera.

"Nanga mapepalawa?"

"Ndiwasunga."

"Kuti awerenge ndani?"

Mayiwo anapinda nsalu yawo yopanda kanthu, anaiponya paphewa, n'kutuluka osatsanzika.

Tsiku lomaliza la Okutobala, mafomu onse anali atapita kupatula imodzi. Nélida anaitsegula m'mawa, n'kuiyang'ana mpaka belu la nkhomaliro. Anayesanso dzina la Profe m'kalembedwe kena kawiri, mwina pali wina kwinakwake amene wangowatchula sabata ino. Panalibe. A Barreda anaimba foni kufunsa ngati zonse zatheka, chifukwa fomu imodzi ikasowa, yunivesite yonse ikhala ngati sinatumize. Anati inde, Doctor, pompano. Anadina batanilo ndi chala chimodzi, kenaka anapita kuchimbudzi n'kukasamba kumaso ndi madzi ozizira.

Zotsatira zinafika mu Disembala pamodzi ndi mvula. Yunivesite inapulumuka, movutikira. Aphunzitsi khumi ndi anayi analandidwa maola a kafukufuku, ndipo Profe anali m'gulu limenelo. Chipinda chawo chinaperekedwa kwa a za migodi kuti aikemo makina oyezera madzi. Mapu analamulidwa kuti apite ku laibulale, koma ku laibulale kunalibe madirowa aakulu choncho. Anawapinda n'kuwaika m'matumba a shuga pansi pa masitepe, pafupi ndi zidebe za okolopa. Profe ananyamula okha thumba lililonse, kukana thandizo, akuima pa sitepe iliyonse kuti apume. Nélida anapempha kabati kwa a Barreda. Iwo analemba pempholo m'kope, nati tiona chaka chamawa.

Nélida analandira kalata yomuyamikira chifukwa chogwira ntchito mwaluso ndi kumaliza pa nthawi yake. Kalatayo inanenanso kuti kuyambira tsopano azigwira ntchito yowerengayo chaka chilichonse.

Sukulu itatsegulidwanso mu Malichi, Profe anapatsidwa makalasi asanu a chaka choyamba, ophunzira makumi asanu ndi awiri m'kalasi iliyonse, awiri mwa makalasiwo Loweruka. Kwa milungu ingapo Nélida ankawazemba. Akawaona akubwera m'khonde, ankakhotera kwina.

Anakumana mwangozi tsiku lina m'mawa pa geti, pa ngolo ya mayi wogulitsa phala la kinuwa lotentha. Kunalibe kothawira. Profe anali ataonda, m'khwapa atapanira mulu wa mapepala ochonga, mawu atasasa ndi kufuula m'makalasi.

"Licenciada," anatero. "Wasowa."

"Ntchito, Profe."

"Imwa phala. Casera, mupatseni lotentha, uyu ndi mwana wanga."

Anaima moyandikana, akuuzira matambula awo. Nélida anafuna kupepesa, koma sanadziwe kuti apepese chiyani makamaka.

"Wamva za msewu watsopano wa kumalire?" Profe anafunsa mwadzidzidzi. Maso awo anali atayambanso kuwala. "Dzulo ndinakumana ndi dalaivala wina wa ku Ilave. Akuti malole a ubweya sakudutsanso ku Pomata, akungowongoka. Ukudziwa tanthauzo lake? Misika itatu kapena inayi ifa chaka chino chisanathe, ina ibadwa kumene kunalibe ngakhale nyumba. Zinthu zotere zimachitika kamodzi m'moyo wa munthu. Pakufunika wina akaime pa mphambano ya msewu watsopanowo ndi kope, Loweruka lililonse, zisanakhazikike."

"Ndani, Profe?"

Profe anayang'ana wotchi yawo.

"Ndili ndi kalasi seveni koloko," anatero. Anamaliza phalalo, anakonza mapepala m'khwapa, n'kulowa pa geti pakati pa chikhamu cha ophunzira amene sankawapatukira.

Nélida anatsala ataima pomwepo, tambula ili m'manja, phala likuzizira.

"Mamita," anatero mayi wa ngoloyo, "mwamaliza? Tambulayo ikufunika, anthu akudikira."